Mwanabere, Katemera ndi CD4: Mmene Maselo a T Amadzutsidwira M'thupi

Munthu akabayidwa ndi minga kuphazi ali kumunda, bala n'kuyamba kuchita mafinya, sipapita masiku ambiri asanamve kanthu kolimba kakumupweteka m'mphechepeche. Tonse timakadziwa kanthu kameneka: ndi mwanabere. Bala likakhala pachala cha kudzanja, mwanabere amatulukira m'khwapa. Dzino likabooka kapena pakhosi pakachita zilonda, amatulukira m'munsi mwa chibwano. Anthu ambiri amaganiza kuti mwanabere ndi nthenda ina yobwera pamwamba pa bala, koma si choncho ayi. Pamalo potupapo ndi pamene thupi lachititsira msonkhano wake, ndipo amene akudzutsidwa pamsonkhanowo ndi gulu la maselo otchedwa maselo a T.

Phunziro lathu lino likunena za kudzutsidwa kwa maselo amenewa. Mwina wina angafunse kuti nkhani yotere ikufuna chiyani m'kalata ya chitukuko, pakati pa nkhani za milatho ndi mijigo. Yankho lake n'lakuti mafunso amene alangizi a zaumoyo amakumana nawo m'midzi mwathu amathera pa nkhani yomweyi. N'chifukwa chiyani mwana amatentha thupi akabayidwa katemera? N'chifukwa chiyani katemera mmodzi yemweyo amabayidwa katatu kapena kanayi? Kodi CD4 imene amayeza kuchipatala n'chiyani kwenikweni? Nanga bwanji mankhwala a ARV sasiyidwa ngakhale munthu atapeza bwino? Munthu akamvetsa mmene selo la T limadzukira, mafunso onsewa sakhalanso ovuta.

Kodi maselo a T ndi otani?

M'magazi mwathu muli maselo ofiira, amene amanyamula mpweya, ndi maselo oyera, amene kuchipatala amakonda kuwatcha asilikali a m'thupi. Asilikaliwa si a mtundu umodzi. Alipo ena othamangira pabala nthawi yomweyo, amene amameza tizirombo tilitonse popanda kufunsa dzina lake. Mafinya amene timaona pabala, mbali yaikulu ndi mitembo ya asilikali oterewa. Iwowa ndi achangu, koma sasankha mdani ndipo sasunga bwino mbiri ya nkhondo imene amenya. Ntchito yosankha ndi yokumbukira ili m'manja mwa magulu ena awiri, maselo a B ndi maselo a T.

Maselo a T amayambira m'mafuta a m'mafupa, kenaka amapita kukakhwimira m'kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, pamwamba pa mtima. Chilembo cha T chinachokera ku dzina limeneli. Kwa zaka zambiri madokotala sankadziwa ntchito ya kachiwaloka, mpaka mu 1961 pamene Jacques Miller, akugwira ntchito ku London, anaonetsa kuti mbewa zochotsedwa thymus zitangobadwa zinkakula zopanda chitetezo chokwanira. Thymus imakhala yaikulu ndi yotanganidwa mwa mwana, ndipo imanka ichepa munthu akatha msinkhu.

Selo lililonse la T lili ndi timanja tambirimbiri pakhungu pake, timene akatswiri amatitcha T cell receptor. Timanja tonse ta selo limodzi ndi tofanana, ndipo timagwira kachidutswa ka mtundu umodzi wokha. Selo loyandikana nalo lili ndi timanja ta maonekedwe ena, togwira kachidutswa kenanso. Tingaliyerekeze selo la T ndi mlenje amene amadziwa mapazi a nyama imodzi yokha. Mlenje wa gwape angadutse pamapazi a nguluwe osaona kanthu. Thupi limapanga alenje otere a mitundu mamiliyoni ambiri, ndipo limawapanga mwachisawawa, lisanadziwe n'komwe kuti lidzakumana ndi nyama yanji.

Kupanga mwachisawawa kuli ndi ngozi yake: ena mwa alenjewo amabadwa ndi timanja togwira zinthu za thupi lomwelo. N'chifukwa chake thymus ili ngati sukulu ya mayeso okhwima. Selo limene silitha kuwerenga zizindikiro za thupi limafa, ndipo limene limagwira mwamphamvu kwambiri zinthu za mwini thupi limaphedwanso. Mwa maselo 100 alionse olowa m'sukuluyi, pafupifupi 95 kapena kuposerapo satulukamo amoyo. Otulukawo amakhala a magulu awiri akuluakulu. Ena amavala chizindikiro chotchedwa CD8, ndipo ntchito yawo idzakhala kupha maselo a thupi amene alowedwa ndi tizirombo. Ena amavala chizindikiro chotchedwa CD4, ndipo ntchito yawo idzakhala kulamula ndi kuthandiza asilikali anzawo. CD4 imene amawerenga kuchipatala ndi maselo a gulu lachiwirili.

Chodabwitsa n'chakuti selo la T limene latuluka kumene ku thymus silimenya nkhondo, ndiponso silipita pabala. Limangoyendayenda m'magazi, kulowa m'timfundo tonga nyemba timene tili m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, m'chifuwa ndi m'mimba, kufufuza pang'ono, n'kutulukanso. Timfundo timeneti tilipo mazanamazana m'thupi, ndipo ndi timene tikatupa timati mwanabere. Selo lingathe kuzungulira chonchi kwa zaka, lili duu ngati logona. Kuti lidzuke, pamafunika wina wobwera ndi uthenga.

Mthenga wochokera pabala

Pansi pa khungu, m'mphuno, m'mapapo, m'matumbo ndi m'njira ya chiberekero mumakhala maselo ena okhala ndi nthambi zotambalala ngati mizu ya mtengo. Dzina lawo ndi maselo a dendritic, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mtengo. Anawatulukira ndi Ralph Steinman ndi Zanvil Cohn ku Rockefeller University mumzinda wa New York mu 1973. Kwa zaka zingapo anzawo ambiri sanakhulupirire kuti maselowa ali ndi ntchito yaikulu. Steinman anadzapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2011, koma anali atamwalira masiku atatu chilengezocho chisanachitike.

Selo la dendritic limakhala likulawa zonse zolizungulira. Minga ija ikalowetsa mabakiteriya, selo limameza ena mwa iwo, n'kuwaphwanya mapuloteni awo kukhala tizidutswa. Lilinso ndi zomvera zimene zimazindikira zinthu zopezeka mwa tizirombo zokha, monga chikopa cha bakiteriya kapena chibadwa cha vairasi, komanso zinthu zotayika kuchokera m'maselo a thupi amene aphulika. Zomverazo zikakhudzidwa, selo limasintha khalidwe. Limasiya kulawa, limanyamuka pabalapo, n'kulowa m'timitsempha tonyamula madzi oyera a m'thupi, timene timakathira m'kamfundo kapafupi. Ulendowu umatenga maola angapo mpaka tsiku limodzi kapena awiri. Apa mpamene pali chifukwa chimene bala la kuphazi limatupitsira m'mphechepeche osati m'khosi: mthenga amapita kubwalo la dera lake.

Pofika kubwaloko, mthenga sabwera ndi kachirombo kathunthu. Amabwera ndi tizidutswa take, ataika pa timbale tapadera totchedwa MHC. Selo la T silitha kuona kachidutswa kongoyandama. Limakaona pokhapokha kali pambale. Zimenezi anazitulukira ndi Peter Doherty ndi Rolf Zinkernagel ku Canberra m'dziko la Australia, m'zaka za 1973 ndi 1974, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1996.

Mbalezi zilipo za mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Mtundu woyamba umapezeka pa pafupifupi selo lililonse la m'thupi. Selo la m'chiwindi, la pakhungu kapena la m'mapapo limatenga tizidutswa ta zinthu zimene likupanga m'kati mwake n'kuziika panja, ngati mayi woanika ufa palichero pakhomo kuti odutsa aone chimene chili m'nyumbamo. Vairasi ikalowa m'selo n'kuyamba kupangitsa zinthu zake, tizidutswa take timaonekeranso palicherolo. Oona mbale za mtundu woyambawu ndi maselo a CD8. Mtundu wachiwiri umapezeka pa maselo ochepa okha, monga a dendritic, a B, ndi maselo aakulu omeza tizirombo otchedwa macrophage. Pambale zimenezi amaikapo zimene ameza kuchokera kunja, ndipo oziona ndi maselo a CD4.

Tingopatuka pang'ono apa. Maselo ofiira a magazi akakhwima alibe mbale zimenezi. Kachirombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira, kamakhala kabisala m'nyumba yopanda lichero pakhomo, ndipo maselo a CD8 sangakaone. Nthawi imene angakaone ndi masiku oyambirira aja, pamene kakuchulukana m'chiwindi munthu asanayambe kumva kuzizidwa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene malungo akhala ovuta kuwapezera katemera wamphamvu.

Umboni wokha sukwanira

M'kamfundo muja, mthenga amatambasula nthambi zake, ndipo maselo a T amadutsa pa iye ali piringupiringu, lililonse likukhudza mbalezo kwa kanthawi kochepa n'kupitirira. Ambiri saona chowakhudza. Pa kachidutswa kamodzi, selo loyenera lingakhale limodzi mwa maselo 100,000, mwinanso limodzi mwa 1,000,000. Likapezeka, timanja take timagwira kachidutswako pamodzi ndi mbale yake, chizindikiro cha CD4 kapena CD8 chimagwiriziza m'mbali, ndipo maselo awiriwo amamatirirana kwa maola ambiri. Umenewu ndi uthenga woyamba, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti: chimene unabadwira kudzasaka chija ndi ichi.

Munthu angayembekezere kuti nkhondo iyambe pomwepo. Siiyamba. Selo la T limadikira uthenga wachiwiri, ndipo m'maganizo mwanga pamenepa ndi pamene pagona nzeru yonse ya chitetezo cha m'thupi. Mthenga amene wakumanadi ndi zoopsa pabala amavala zizindikiro zina pakhungu pake zotchedwa B7. Selo la T lili ndi chogwirira chake chotchedwa CD28. B7 akakumana ndi CD28 pa nthawi yomwe timanja tija tagwira kachidutswa, selo limadzuka. Akasowa B7, selo silidzuka. M'malo mwake limafooka, n'kukhala losamva ngakhale litadzakumananso ndi kachidutswa komweko tsiku lina, kapena limafa kumene.

Tiganize za mudzi umene munthu aliyense wopezeka ndi mbuzi panjira amagwidwa n'kumenyedwa. M'mudzi wotere, eni mbuzi ndi amene angamavulale kwambiri, pakuti ndi amene amayenda ndi mbuzi tsiku ndi tsiku. Mudzi wolongosoka umafuna zinthu ziwiri: munthu apezeke ndi mbuziyo, komanso pakhale mawu otsimikizika akuti khola lathyoledwa. M'thupi ndi chimodzimodzi. Maselo a dendritic amanyamula tizidutswa ta thupi lenileni, ta chakudya ndi ta fumbi nthawi zonse, ndipo mayeso a ku thymus aja salephereretsa onse oyenera kulephera. Chipanda lamulo la uthenga wachiwiri, asilikali athu akanamaukira nsima ili m'matumbo ndi khungu lathu lomwe. Pamene dongosolo lodziletsali lasokonekera, pamabuka matenda amene thupi limadzimenya lokha, monga mtundu wa matenda a shuga umene umayamba munthu ali mwana, pamene maselo a T amawononga maselo opanga insulin.

Lamulo la uthenga wachiwirili ndi limenenso limafotokoza za kutentha thupi kwa mwana wobayidwa katemera. Kachidutswa ka kachirombo kakabayidwa kokha koyeretsedwa bwino, kawirikawiri mthenga sadzidzimuka, B7 savalidwa mokwanira, ndipo chitetezo chimakhala chofooka. Tsono opanga katemera amaonjezeramo kanthu kodzidzimutsa amithengawo. Kwa zaka pafupifupi 100 akhala akugwiritsa ntchito mchere wa aluminiyamu. Mu katemera wa malungo wotchedwa RTS,S, amene dziko la Malawi linali loyamba kuyamba kuwapatsa ana pa 23 April 2019, lisanatsatidwe ndi Ghana ndi Kenya, chimodzi mwa zodzidzimutsa zake chimachokera ku khungwa la mtengo wina womera ku Chile. Kutupa pang'ono pamalo obayidwa ndi kutentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri ndi phokoso la amithenga akunyamuka. Mwana amene sanatenthe thupi sizitanthauza kuti katemera sanagwire ntchito, pakuti matupi amasiyana. Koma mwana akakomoka, akalephera kuyamwa, akavutika kupuma, kapena kutenthako kukapitirira masiku awiri, musadikire: pitani naye kuchipatala, chifukwa angakhale ndi malungo kapena nthenda ina imene yangokumanizana ndi katemerayo.

Selo limodzi lisanduka khamu

Mauthenga awiriwo akafika, m'kati mwa selo mumachitika zambiri m'mphindi zochepa. Mchere wa calcium umakhamukira m'kati, mapuloteni amapatsirana uthenga mpaka ukafike pachimake pa selo pamene pasungidwa malangizo a chibadwa, ndipo malangizo amene anali otsekedwa amatsegulidwa. Selo limakula, n'kuyamba kutulutsa mankhwala otchedwa interleukin-2, amene amalilimbikitsa ilo lomwe pamodzi ndi anzake kuti agawikane. Mankhwala ena amene amapatsidwa kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina amatseka njira imeneyi, kuti maselo a T asaukire impso yachilendoyo.

Kugawikanako kukayamba kumathamanga kwambiri, pafupifupi maola 6 mpaka 8 alionse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Selo likagawikana katatu patsiku, pakutha pa tsiku loyamba pali maselo 8. Pakutha pa tsiku lachiwiri alipo 64, lachitatu 512, lachinayi 4,096, ndipo lachisanu 32,768, onse okhala ndi timanja tofanana ndi ta kholo lawo. Kuchulukana kumeneku, pamodzi ndi maselo ena amene amatsekeredwa m'kamfundomo kuti nawo aone mbalezo, ndi kumene kumatupitsa mwanabere ndi kumuchititsa kuwawa.

Masiku onsewa akaphatikizidwa, la ulendo wa mthenga, la kufunafuna selo loyenera, ndi a kuchulukana, zimatenga pafupifupi sabata imodzi kapena kupitirirapo kuti gulu lankhondo likhale lokonzeka. Pa kachirombo kamene thupi likukumana nako koyamba, sabata imeneyi ndi mpikisano weniweni. Asilikali achangu aja amagwiriziza, koma kachirombo kakakhala kaliwiro, mwana wamng'ono angathe kumwalira maselo ake a T asanatuluke m'bwalo.

Palinso uthenga wachitatu, umene umauza selo mtundu wa nkhondo imene ikuyembekezeka. Mthenga ndi maselo ena ozungulira amatulutsa mankhwala osiyanasiyana malinga ndi mdani amene anakumana naye. Ngati ndi kachirombo kobisala m'kati mwa maselo, monga ka chifuwa chachikulu, maselo a CD4 amasanduka olimbikitsa ma macrophage kuti aphe zimene ameza, ndi kumanga mpanda wozinga tizirombo m'mapapo. Ngati ndi njoka za m'mimba kapena likodzo, amasanduka a mtundu wina, ochititsa matumbo kutulutsa chinanda ndi kuitana asilikali olimbana ndi nyongolotsi. Ena amakhala oteteza khungu ndi m'kamwa ku mafangasi. Enanso satuluka m'kamfundo. Amatsala kuti athandize maselo a B.

Maselo a CD8 akatuluka amayenda ndi magazi kukafika pamalo a nkhondo. Kumeneko safunanso uthenga wachiwiri monga poyamba. Akaona kachidutswa kawo palichero la selo lililonse, amalikumbatira, amaboola khungu lake, n'kuthiramo mankhwala olichititsa kudzipha lokha mwadongosolo, kenaka n'kupita pa lina.

Za thandizo lopita kwa maselo a B tinenepo pang'ono, chifukwa zikukhudza ana athu. Maselo a B ndi amene amapanga ma antibody, mapuloteni oyandama m'magazi amene amamata tizirombo. Kuti apange ma antibody amphamvu ndi okhalitsa, amafuna chilolezo cha selo la CD4 lodzutsidwa kale. Vuto ndi lakuti mabakiteriya ena oyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi amavala chikhoto cha shuga, pomwe mbale za MHC zimanyamula tizidutswa ta mapuloteni. Katemera wopangidwa ndi chikhotocho pachokha sagwira bwino mwa ana osakwana zaka ziwiri. Akatswiri anapeza njira yolumikiza shugayo ku puloteni. Selo la B limagwira shuga, limameza zonse pamodzi, limaika puloteniyo pambale, ndipo selo la CD4 likaiona limapereka chilolezo. Katemera wa chibayo amene anayamba kuperekedwa kusikelo m'dziko muno mu 2011 anapangidwa mwa njira imeneyi.

Mabuleki ndi chikumbukiro

Khamu lochuluka chonchi silingasiyidwe kuti lizingomenya. Patangopita masiku ochepa selo litadzuka, limayamba kuvala mabuleki ake. Amodzi otchedwa CTLA-4 amalanda B7 kuti CD28 asamugwirenso, ena otchedwa PD-1 amazimitsa uthenga m'kati. Khansa zina zimaponda mabulekiwa mwadala kuti zisamenyedwe, ndipo James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha ntchito imene inabala mankhwala omasula mabulekiwo. Palinso kagulu ka maselo a CD4 kamene ntchito yake ndi kuletsa anzawo basi.

Mdani akatha, maselo pafupifupi 90 mwa 100 alionse a khamu lija amafa, ndipo mwanabere amaphwa. Otsalawo amakhala maselo okumbukira. Amakhala ochuluka kuposa amene analipo poyamba, ena amakhazikika pakhungu, m'mapapo ndi m'matumbo, ndipo savuta kudzutsa. Kachirombo komweko kakabweranso, ntchito imene inatenga sabata imayamba m'tsiku limodzi kapena awiri. Katemera ndi njira yochititsira msonkhano woyamba uja nthenda isanabwere. Kubaya koyamba kumadzutsa maselo ochepa, kwachiwiri ndi kwachitatu kumachulukitsa ndi kukhwimitsa okumbukirawo, ndipo mpata wa masabata pakati pake ndi wopatsa thupi nthawi yomaliza gawo lililonse. Katemera wa malungo amaperekedwa kanayi, ndipo wachinayi amabwera mwana atatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri, nthawi imene makolo ambiri amakhala atatopa ndi ulendo wa kusikelo. Chitetezo cha katatu koyamba kaja chimatsika pakapita miyezi, ndipo kubaya kwachinayi ndi kumene kumachikwezanso. Ngakhale mwana walandira kanayi konse, neti isachotsedwe, popeza katemerayu amachepetsa malungo koma sawathetsa.

Pamene olamula agwidwa

Kachirombo ka HIV kamalowa m'selo pogwira chizindikiro cha CD4 chomwecho, pamodzi ndi chitseko china chapambali. Choipa kwambiri n'chakuti kamachulukana bwino m'selo lodzutsidwa kusiyana ndi logona. Ndiye kuti thupi likamadzutsa maselo a CD4 kuti amenyane nako, limakhala likukawonjezera nkhuni. N'chifukwa chakenso matenda opatsirana pogonana osachizidwa, makamaka a zilonda, amaonjezera mpata wotenga HIV: amatsegula khungu, komanso amaitanira pamalopo maselo odzutsidwa kale.

Munthu wathanzi amakhala ndi maselo a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kakang'ono ka magazi kamene amawerengera. Akatsika kufika pansi pa 200, amithenga amafikabe kubwalo ndi mbale zawo, koma oziona achepa. Ma macrophage sapatsidwa lamulo, ndipo mpanda wozinga tizirombo ta chifuwa chachikulu umagumuka. Mafangasi amene thupi linkawaletsa amatuluka m'kamwa, ena amakafika kuubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. N'chifukwa chake munthu wopezeka ndi CD4 yotsika chonchi amayezedwanso matenda amenewa ngakhale asanadandaule.

Mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma m'dziko muno mu 2004. Mu 2011 Malawi inayamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachiromboka, osadikira kuti CD4 itsike, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka nako amayamba mankhwala. Mankhwalawa amaletsa kachiromboka kuchulukana, motero maselo a CD4 amabwerera pang'onopang'ono. Koma sakachotsa m'thupi, ndipo chifukwa chake chili pa maselo okumbukira aja. Ena mwa maselo amene analowedwa ali odzuka sanafe. Anabwerera kukagona, malangizo a kachiromboka atalukidwa m'chibadwa chawo. Amakhala zaka zambiri, monga mwa chikhalidwe cha maselo okumbukira. Tsiku limene selo lotere ladzutsidwa, limayambanso kupanga tizirombo. Ngati m'magazi muli mankhwala, tizirombo tatsopanoto sitipita patali. Ngati munthu anasiya kumwa, m'masabata ochepa timadzazanso magazi.

Pali chinanso chimene chimasokoneza mabanja. Munthu amene wayamba ARV chitetezo chitatsika kwambiri nthawi zina amadwala moonjezera m'masabata oyambirira: kutentha thupi, kutsokomola, anabere kutupa m'khosi. Achibale amathamangira kunena kuti mankhwala sakumuyanja. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti maselo a T abwerera n'kupeza nthenda imene inalipo kale popanda woilimbana nayo, monga chifuwa chachikulu, ndipo aiukira mwaukali. Wodwala wotere abwerere kuchipatala msanga, ndipo asasiye mankhwala payekha.

HIV si yokhayo imene imafooketsa maselowa. Mwana wonyentchera thymus yake imafota, ndipo maselo ake sachulukana mokwanira, popeza khamu la maselo zikwizikwi limamangidwa ndi mapuloteni ndi michere yochokera m'chakudya. Phala losakaniza ndi nsinjiro, nyemba, usipa kapena dzira lili ndi gawo lake pankhondoyi. Chikuku nacho chimalowa m'maselo okumbukira n'kuwawononga, kotero kuti mwana wochira chikuku amakhala pangozi ya matenda ena kwa nthawi yaitali. Mapiritsi a prednisolone, amene anthu ena amagula okha chifukwa cha kuphwanya kwa thupi kapena pofuna kunenepa, amagonetsa maselo a T akamwedwa kwa nthawi yaitali, ndipo angadzutse chifuwa chachikulu chimene chinali chozingidwa.

Tibwerere kwa mwanabere. Wobwera chifukwa cha bala kapena zilonda za pakhosi amakhala wowawa, amasuntha mukamukhudza, ndipo amaphwa m'sabata imodzi kapena ziwiri bala likapola. Chofunika kusamalidwa ndi balalo: litsukidwe ndi madzi aukhondo ndi sopo, ndipo ngati ndi lakuya kapena lalowa dothi, kafunseni za katemera wa kafumbata. Khanda limene labayidwa BCG limachita kachilonda pamkono kamene kamasiya chipsera, ndipo nthawi zina limatupa pang'ono m'khwapa la mbali yomweyo. Musafinye, musateme mphini, musapake kanthu. Kutupako kukakula kapena kukachita mafinya, kaonetseni kuchipatala. Mwanabere wofunika kupimidwa mosazengereza ndi amene wakhala kupitirira masabata awiri kapena atatu, amene akukulirakulira, wolimba ndi wosawawa, wotuluka malo angapo nthawi imodzi, kapena wobwera ndi kuonda, kutsokomola ndi thukuta la usiku. Zoterezi zingakhale chifuwa chachikulu cha m'timfundo, HIV, kapena khansa. Kwa mwana, chotupa chokula mofulumira pansagwada kapena m'mimba chingakhale khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imene imapezeka kwambiri m'madera a malungo ngati athu ano. Imakula m'masiku owerengeka, koma imamva mankhwala mwana akafika msanga kuchipatala chachikulu, ndipo kalata yomutumizira kumeneko imayambira pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu.